Un- kapena dis-: tisankhe uti polemba Chingerezi?

Aphatikiri awiriwa amaikidwa kumayambiriro kwa mawu pofuna kukana kapena kutembenuza tanthauzo, n'chifukwa chake ophunzira ambiri amawasokoneza.

Un- ndi wa Chingerezi chakale ndipo ali ndi ntchito ziwiri. Pa mfotokozi amangokana: unhappy, unkind, unsafe. Pa mneni amabweza zomwe zinachitika, ngati mmene ife timachitira ndi tseka ndi tsegula, manga ndi masula: lock akhala unlock, tie akhala untie.

Dis- anachokera ku Chilatini, ndipo amakonda mawu ochokera komweko kapena ku Chifalansa: disagree, disobey, dishonest, disappear.

Kuphweka: un- amalowa pa afotokozi ambirimbiri, ngakhale atsopano. Dis- ngosankha, mawu ake muyenera kuwaloweza.

Kalembedwe: un- akakumana ndi n, zilembo zonse ziwiri zimakhala, monga unnecessary. Dis- nayenso sataya s wake pa dissatisfied, koma disappoint ali ndi s mmodzi yekha chifukwa appoint sayamba ndi s. Apa mpomwe malikisi amatayikira pa mayeso.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi pomwe onse awiri amakwana pa tsinde limodzi. Uninterested ndi munthu wopanda chidwi, pomwe disinterested ndi wosakondera mbali, ngati woweruza wabwino. Unable ndi kulephera. Disable ndi kulepheretsa chinthu kugwira ntchito. Uncover ndi kuvundukula, discover ndi kutulukira.

Ongoyamba kumene, gwirani kaye un-. Olemba makalata a kuofesi ndi okonzekera MSCE, lowezani mawu a dis- limodzilimodzi, dikishonale ili pambali.