Caravan, Twin Otter kapena Islander: yoyenera bwalo la ndege la kutali ndi iti?

Mukafunsa kuti ndi ndege iti imene ingamatere ku Likoma kapena pa timabwalo ta m'nkhalango za ku Luangwa, ambiri amathamangira kuyeza kutalika kwa msewu woterapo. Ine funso langa loyamba ndi lina: pa ulendo umodzi mupeza anthu angati olipira? Ndege imamwabe mafuta ngakhale mipando itakhala yopanda anthu.

Tiyambe ndi Cessna Caravan ya ku America, imene inauluka koyamba mu 1982. Ili ndi injini imodzi yokha, PT6A ya Pratt & Whitney Canada. Matayala ake sapindikira m'mimba, choncho palibe zambiri zoti zingawonongeke ikamatera pa fumbi ndi miyala. Yaikulu yake, Grand Caravan, imanyamula anthu 9 mpaka 12 kapena kupitirirapo pang'ono malinga ndi malamulo a dziko, ndipo pansi pa mimba pali bokosi la katundu. Mukachotsa mipando, yasanduka lole ya m'mwamba: makatoni a mankhwala, matumba, ngakhale wodwala ali pa machira. Kampani yotumiza katundu ya FedEx ili nazo zoposa 200 zonyamula katundu yekhayekha. Koma chimene ndimaikondera kwambiri n'chakuti yadzaza mu Africa muno, kotero makaniko woidziwa ndi masipeya ake sizivuta kupeza.

Nanga injini imodziyo? Apa m'pamene anthu amagawanikana. Kuchoka ku Nkhata Bay kukafika ku Likoma ndi makilomita pafupifupi 70 a madzi okhaokha, ndipo injini ikazima pakati pa nyanja palibe yachiwiri yoti ikupulumutseni. PT6A ndi yodalirika zedi, n'chifukwa chake mayiko ambiri amalola Caravan kunyamula anthu olipira. Komabe wokwera amene mtima ukumugunda akayang'ana pansi sindingamuseke.

Yankho la mantha amenewo ndi Twin Otter ya ku Canada. Injini zake ndi za mtundu womwewo, koma ziwiri, ndipo mipando ndi 19. Inayamba kuuluka mu 1965, anasiya kuipanga mu 1988, kenako kampani ya Viking Air inaidzutsanso chifukwa panalibe ina yolowa m'malo mwake. Pa nkhani ya msewu waufupi ilibe mnzake. Imatera pa chilumba cha Saba ku Caribbean, pomwe msewu ndi wa mamita 400 okha, komanso ku Lukla m'mapiri a ku Nepal. Ku Maldives amaimangirira zoyandamitsa n'kumatera pamadzi penipeni, zomwe zimandiganizitsa za nyanja yathuyi. Vuto ndi thumba. Injini ziwiri zimafuna kukonza kuwiri, oyendetsa nthawi zambiri amakhala awiri, ndipo kuigula n'kokwera mtengo, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito. Mukamauluka ndi anthu 7 pa mipando 19, chaka sichitha musanatseke.

Britten-Norman Islander ya ku Britain, nayonso ya mu 1965, pa pepala imaoneka ngati yathetsa mkangano: injini ziwiri, okwera 9, msewu waufupi, mtengo wotsika. Ndi imene kampani ya ndege ya Loganair imagwiritsa ntchito pakati pa Westray ndi Papa Westray ku Scotland, ulendo wosakwana mphindi ziwiri. Koma zambiri mwa ndegezi zili ndi injini za mapisitoni zomwe zimamwa mafuta otchedwa avgas, osati mafuta a Jet A-1 amene Caravan ndi Twin Otter zimamwa pamodzi ndi ndege zikuluzikulu. Kuno avgas ndi wosowa ndiponso wodula, nthawi zina mpaka kuchita kumutumiziratu m'migolo. Ilinso ndi phokoso, ndipo imayenda pang'onopang'ono.

Palinso Let L-410 ya ku Czech Republic ndi Dornier 228 ya ku Germany, zonse za mipando 19. Zimathamanga kuposa Twin Otter, koma funso lodzaza mipando lija silichoka. Dzina la Dornier limatikumbutsa 10 June 2024, tsiku limene ya asilikali athu inagwa ku Chikangawa itanyamula Dr Saulos Chilima ndi ena 8, nyengo ili yoipa. Injini inali nazo ziwiri. Pa bwalo lopanda zida zothandiza kutera kukachita chifunga, ndege iliyonse mwa izi imadalira maso a woyendetsa.

Ndalama zitakhala zanga, ndingagule Grand Caravan, n'kuika majekete oyandamitsa pansi pa mpando uliwonse, ndipo kukachita mitambo yoipa osanyamuka. Twin Otter ndingaiganizire pokhapokha msewu utakhala waufupi kwambiri moti Caravan yodzaza siingadzuke, kapena okwera atayamba kumatsala pabwalo sabata ndi sabata.