Foloko ya mpweya ya 120mm, miyezi 8 ndili nayo pa njinga

Ndaipatsa nyenyezi 4 pa 5, imodziyo ndachotsa pa zifukwa ziwiri zomwe nditchule mmusimu.

Ndinaigula kuti ilowe mmalo mwa foloko ya sipuling'i yomwe inabwera ndi njinga yanga ya m'mapiri, ija yolemera ngati mtondo. Kupepuka kokha mumakumva tsiku lomwelo mukangotukula mahandulo. Koma sabata yoyamba ndinakhumudwa zedi, inali gwa ngati mtengo, potsika pamiyala manja kuchita dzanzi mpaka ndinayamba kuganiza kuti andigulitsa chinthu chakufa. Osadziwa kuti wolakwa ndine, ndinangoimanga nkuyamba kupalasa osayeza mpweya olo pang'ono.

Chifukwa choyamba chochotsera nyenyezi ndi chakuti m'bokosi munalibe pampu, ndipo ogulitsa sanandiuze. Valavu yake ili pamwamba pa mwendo wakumanzere ndipo ndi yofanana ndi ya tayala la galimoto, nde munthu ukhoza kunyengeka kuti pampu ya matayala igwira, ayi ndithu. Malo a mpweya mkatimo ndi ochepa kwambiri, pamafunika pampu ya shoko, yaing'ono ija yofika 300 psi (muyeso wa mphamvu ya mpweya) yokhala ndi geji komanso kabatani kophwetsera pang'onopang'ono. Muigulire limodzi basi.

Chomwe chinasintha zonse ndi sag, kutanthauza mmene foloko imaloweramo mukangokwera musanayende. Pamwendo pali sitika yoonetsa mpweya malinga ndi kulemera kwa munthu, koma imeneyo ndi poyambira chabe. Ine ndimalemera 78kg ndipo ndinapeza kuti munali mpweya wa munthu wonenepa kundiposa kutali. Ndinavala zonse zomwe ndimakwera nazo, chipewa, chikwama ndi botolo la madzi, mnzanga anagwira mahandulo, ine ndinaimirira pa mapedulo nkunjanja katatu, kenako anatsitsa kalabala kaja kamakhala pa chitsulo chosalala mpaka pansi, nde ndinatsika mwakachetechete osadidikiza. Kuyeza ndi rula pamene kalabala kanafika, 9mm yokha! Pa foloko ya 120mm, 20% ndi 24mm, ndipo ambiri amaika pakati pa 15 ndi 20%. Ndinaphwetsa pang'onopang'ono mpaka 23mm. Tsiku lotsatira pa njira yomweija tayala lakutsogolo linkamata pansi, mizu ndi timiyala kumangomeza.

Apa pali zinthu ziwiri zomwe zinandizunguza mutu masiku angapo. Mukamamasula pampu pamamveka kuti psss, ine nkumati mpweya wathawa, nkubwezeretsa pampu geji nkuonetsadi kuti watsika, nkupopanso, kumangozungulira pomwepo kkkk. Kamkokomo kaja ndi mpweya wa mu paipi ya pampu, siwa mu foloko, ndipo geji imatsika chifukwa mukalumikizanso paipi ija imadzadza ndi mpweya wochokera mu foloko. China nchakuti mkatimo muli zipinda ziwiri, positive ndi negative, nde mukapopa kapena kuphwetsa kwambiri muziididikiza foloko kangapo kuti mpweya ufanane mbali zonse, apo ayi imauma poyambira kapena kukhala yolowa osabwerera mpaka pamwamba.

Rebound, kutanthauza liwiro lomwe foloko imabwerera ikalowa, imasinthidwa ndi kofiira kali pansi pa mwendo wakumanja. Ndinakatseka kwambiri poyamba, pa maenje otsatizana foloko inkalowa nkumangolowabe osapeza mpata wobwerera, kutsogolo kumatsika ngati ndigwa chamutu. Kukatsegula konse nako njinga imanjanja ngati mpira. Ndinayamba pakati nkumasuntha kiliki imodzi imodzi pa kamtunda komweko mpaka ndinapeza pabwino, ndipo ndinalemba mu foni psi ndi makiliki chifukwa mwana akhoza kupotokola osadziwa. Kabuluu kapamwamba ka lockout, koumitsa foloko kuti isamalowe, sindikagwiritsa ntchito kwenikweni, pokhapokha pa chitunda chosalala, ndipo kawiri konse ndinaiwala kutsegula potsika.

Nditadumpha penapake inagunda mpaka kumapeto, kalabala kukafika pamwamba penipeni. Mmalo mowonjezera mpweya nkuononga kufewa kuja ndinaikamo token imodzi, kapulasitiki kochepetsa malo a mpweya kuti foloko ilimbe chakumapeto. Ntchito ya mphindi 10, koma chonde phwetsani mpweya wonse musanamasule chotsekera chapamwamba, chingakuthawireni kumaso.

Kusamala kwake sikovuta ngati simuchita ulesi. Ndikabwerako ndimapukuta zitsulo zosalala zija ndi kansalu kofewa makamaka pamene pali malabala otchinga fumbi, madzi a mphamvu aja otsukira galimoto osayandikitsa chifukwa amakankhira matope mkati. Nthawi zina ndimaigoneka njinga chadodolido kwa mphindi zingapo kuti oyilo atsikire ku timasiponji tamkati. Mpweya ndimayeza pakatha milungu iwiri, kukazizira umatsikako pang'ono sikuti ikutayitsa.

Sevisi ndiye musamaidumphe. Mwa makampani opanga mafoloko, a RockShox amati miyendo yapansi izitsegulidwa pa maola 50 okwera ndipo sevisi yonse pa maola 200, a Fox amati maola 125 kapena kamodzi pachaka, yanuyo onani buku lake. Ine ndinatsegula ndekha pa maola pafupifupi 50, nde apa mpamene pali chifukwa chachiwiri: mwendo umodzi munatuluka oyilo timadontho tochepa, siponji yake youma gwa, kusonyeza kuti ku fakitale anaumira. Ndinatsuka, kunyika masiponji mu oyilo wa shoko, kupaka girisi wake pa malabala, kusintha timawashala ta mabawuti apansi, kuthira oyilo ndi sirinji mlingo womwe buku lanena. Oyilo wa injini ayi, girisi wamba ayinso. Itabwerera pa njinga inali yofewa kuposa tsiku lomwe ndinaigula, ndikungoikhudza ndi chala pa handulo imayenda.

Pano sinayambe kugwedera kapena kudontha, zitsulo zosalala zilibe chikanda olo chimodzi. Ya maola 200 ija ndiye ndidzapititsa kwa makaniko, damper, chigawo chamkati chowongolera liwiro la foloko, sindiigwira ndi manja angawa.