Lenzi yopanira pa iris kapena yomangirira ku choyera cha diso?

Akachotsa ng'ala, lenzi yatsopano amaikhazika m'kathumba kopyapyala momwe munali lenzi yobadwa nayo. Kathumbako kakang'ambika pa opaleshoni, kapena kakasowa mphamvu chifukwa chovulala kapena matenda a Marfan (obadwa nawo, ofooketsa timinyewa togwira kathumbako), lenziyo imasowa pokhala. Dokotala ayenera kuipezera pena pogwira.

Yopanira pa iris, kachikopa kozungulira mwanadiso kamene kamapatsa diso mtundu wake, anaiyambitsa dokotala wa ku Netherlands, Jan Worst, mu 1978, ndipo imadziwika ndi dzina loti Artisan. Uku ndi uku ili ndi tizala tonga ta nkhanu. Dokotala amakankhira kachikopa pang'ono pakati pa tizalato, basi yagwira, osasoka. Opaleshoni yake sichedwa. Koma lenziyi ndi youma, sipindika, ndiye pamafunika kucheka bala loposa mamilimita 5, ndipo bala lotere likamapola limatha kupotoza cornea (kachikopa koonekera ngati galasi ka kutsogolo kwa diso), munthu n'kufunabe magalasi. Akaiika kutsogolo kwa iris imayandikana ndi maselo a mkati mwa cornea, omwe akafa sameranso. N'chifukwa chake madokotala ambiri tsopano amaipanira kumbuyo. Nthawi zina kachala kamodzi kamataya, lenzi n'kupendekeka.

Yomangirira ku choyera cha diso ilibe nazo ntchito zoti iris ili bwanji, ndipo imakhala pafupi ndi malo a lenzi yachibadwa. Njira yakale ndi yosoka, koma ulusi wake ndi wowonda kwambiri moti umatha kuduka patapita zaka, nkhani yodetsa nkhawa kwa mwana amene akhale nayo moyo wonse. Njira ya Shin Yamane wa ku Japan, yomwe anaifalitsa mu 2017, sifuna ulusi: timiyendo ta lenzi amatitulutsira kunja ndi singano kudzera pa choyera cha diso, n'kuwotcha nsonga zake kuti zitupe, zisabwererenso m'kati. Bala lake ndi laling'ono, koma pamafunika dzanja lozolowera. Akaphonya pang'ono lenzi imakhala chopendekeka.

Ilipo ina yongotsamira m'mphepete, pakati pa cornea ndi iris. Ndi yosavuta kuika, koma kwa wodwala glaucoma (matenda owononga mtsempha wa diso, nthawi zambiri chifukwa cha kuthinana kwa madzi m'diso) kapena wa cornea yofooka sindingaiganizire n'komwe.

Kwa ine, iris ikakhala yathunthu, yopanira kumbuyo ndiyo yoyamba kuifunsa. Ikakhala yong'ambika kapena yotupatupa, tizala tija tilibe pogwira, ndiye n'kupita ku choyera. Musanavomere, funsani adokotala kuti mwa njirazi anazolowera iti, komanso ngati awerenga maselo a cornea yanu.