Moodle pophunzitsa ogwira ntchito: imathandiza kuyeza luso ngati kapitawo akuchita mbali yake

Makampani ndi mabungwe ambiri kuno kwathu akafuna kuphunzitsa antchito awo amabwereka chipinda ku hotelo, kawirikawiri ku Salima kapena ku Mangochi, amaitana mphunzitsi, amagawa mapepala ndi alawansi, ndipo pa tsiku lomaliza aliyense amalandira satifiketi. Satifiketi yotereyi imangochitira umboni woti munthuyo analipo masiku amenewo, koma sinena ngati akabwerera kuntchito adzatha kuchita zimene anaphunzitsidwa. Ndemanga iyi ikukhudza pulogalamu ya Moodle, makamaka gawo lake loyeza luso, ndipo ndikuilemba monga munthu woyang'anira maphunziro a antchito pa kampani yogula ndi kusunga mbewu, imene antchito ake ali m'madepoti otalikirana ndipo sangasiye ntchito onse pamodzi kuti akakhale m'kalasi.

Moodle ndi pulogalamu ya pa intaneti yoyendetsera maphunziro, imene anaiyambitsa Martin Dougiamas wa ku Perth m'dziko la Australia, ndipo inatuluka koyamba mu 2002. Ndi yaulere, ndipo aliyense ali ndi ufulu woitenga, kuiika pa seva yake (kompyuta yaikulu yosungira ndi kuyendetsera pulogalamu pa intaneti) ndi kuisintha momwe akufunira, n'chifukwa chake mayunivesite ambiri padziko lonse, kuphatikizapo ena a kuno kwathu, amaigwiritsa ntchito. Amene anadutsa kuyunivesite posachedwapa amaidziwa ngati malo otengera manotsi ndi kuperekera asayimenti, koma gawo limene likukhudza olemba anthu ntchito ndi limene linawonjezedwa mu 2016, pamene kunatuluka Moodle 3.1. Gawoli limalola kampani kulemba mndandanda wa maluso amene wantchito aliyense ayenera kukhala nawo, kulumikiza luso lililonse ndi phunziro kapena ntchito yoyeserera, kenako n'kumatsatira munthu aliyense payekha kuti wakwanitsa ati ndipo watsala ndi ati.

Maganizo amene ali kumbuyo kwa zimenezi si achilendo. Sukulu ya Western Governors University ya ku Utah ku America, imene inakhazikitsidwa mu 1997, imaphunzitsa pa intaneti m'njira yakuti wophunzira amapita patsogolo akaonetsa kuti chinthu akuchidziwa, posawerengera maola amene wakhala akuphunzira. Kuno kwathu bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, limatsata njira yomweyi pa maphunziro a ntchito za manja, ndipo olemba anthu ntchito amapereka kale msonkho wa 1 peresenti ya malipiro a antchito awo wothandizira maphunzirowa. Choncho bwana amene anaonapo mmene woyesa mmisiri wa matabwa amagwirira mpando ndi kuugwedeza asanapereke malikisi sangavutike kumvetsa chimene gawo ili la Moodle likufuna kuchita.

Kuti nkhani imveke bwino, titenge kalaliki wolandira chimanga pa depoti. Pa pepala la ntchito yake pamangolembedwa kuti azilandira mbewu, koma mukaima pambali pake m'mawa wa tsiku la msika mupeza kuti m'mawu awiriwo muli maluso angapo osiyana. Ayenera kutenga chimanga choyesa m'matumba angapo, pamwamba, pakati ndi pansi pa mulu, osati m'thumba lokhalo limene wogulitsa wamulozera. Ayenera kuyeza chinyezi ndi makina n'kukana chimanga chimene chapitirira malire, amene kawirikawiri amakhala pafupi ndi 13 peresenti, chifukwa chimanga chosauma chimachita chuku ndipo chimaononga chinzake. Ayenera kuona kuti sikelo yabwerera pa ziro asanaikepo thumba lina la makilogalamu 50, kulemba risiti yogwirizana ndi zimene sikelo yaonetsa, kuzindikira ufa umene anankafumbwe amasiya pansi pa thumba, ndi kusanjitsa matumba pa mapaleti (matabwa oyala pansi) mosagunda khoma. Mu Moodle zonsezi zimalembedwa ngati maluso ang'onoang'ono pansi pa luso lalikulu, ndipo lililonse limakhala ndi muyeso wake, umene mwachizolowezi uli ndi mbali ziwiri zokha: sanakwanitse kapena wakwanitsa. Muyeso wa mbali ziwiriwu ndimagwirizana nawo kwambiri, chifukwa pa sikelo palibe kukhoza ndi theka. Kalaliki amene amaiwala kubweza ziro kamodzi pa matumba khumi akubera kampani kapena akubera mlimi, ngakhale iye asakudziwa.

Pamene pagona nkhani yonse ndi pa chisankho chimodzi chaching'ono chimene wokonza phunziro amakumana nacho polumikiza luso ndi ntchito yoyeserera. Moodle imamufunsa chimene chichitike wophunzira akamaliza, ndipo imapereka njira zinayi: osachita kanthu, kusunga zimene wachitazo ngati umboni, kutumiza kwa woyang'anira kuti aunike, kapena kulemba nthawi yomweyo kuti lusolo lakwanitsidwa. Njira yachinayi ndi imene imakopa mabwana otanganidwa, popeza makina amachita zonse okha ndipo lipoti limaoneka lokongola pakutha pa mwezi. Koma ndi njira yomweyi imene imatibwezera ku satifiketi ya ku hotelo ija, chifukwa munthu akhoza kuyankha molondola mafunso onse okhudza chinyezi pa foni yake, kapenanso kuyankhiridwa ndi mwana wake wa ku sekondale, koma osadziwa kugwira makinawo. Pa luso lililonse lochita ndi manja, ndikulangiza njira yachitatu, imene pa pulogalamuyi yalembedwa kuti Send for review. Ikasankhidwa, lusolo limadikira mpaka kapitawo ataona ndi maso ake kalaliki akuyeza chimanga chenicheni, kenako n'kulowa mu Moodle kukalemba chigamulo chake ndi ndemanga. Njira yongomaliza yokha iyenera kusiyidwira zinthu zoloweza pamtima, monga malamulo a kampani ndi manambala oimba pakabuka moto.

Chinthu china chimene ndachiyamikira ndi malo amene wantchito amaikapo umboni wa zimene ankadziwa kale. Pa depoti iliyonse pamakhala bambo kapena mayi amene wagwira ntchito zaka zambiri, alibe satifiketi ya MSCE, koma akangoluma njere ya chimanga amadziwa ngati chauma makina asanayeze. Munthu wotere n'kumulakwira kumukhazika pansi kuti ayambe phunziro loyamba limodzi ndi mnyamata wolembedwa ntchito dzulo. Mu Moodle akhoza kuika chithunzi, kanema wamfupi kapena kalata ya komwe ankagwira kale, kuzilumikiza ndi luso limene akuti ali nalo, ndi kupempha kuti amuunike. Akapezeka kuti walikwanitsa, amangophunzira zimene watsala nazo, monga kulemba risiti pa kompyuta. Pamenepa kampani imapulumutsa nthawi, ndipo wantchito amaona kuti zaka zake zalemekezedwa.

Pa nkhani ya netiweki ndi mtengo wa bandulo, pulogalamu ya Moodle ya pa foni imathandiza ndithu. Wantchito akhoza kutsitsa phunziro pamene ali pamalo a netiweki yabwino, n'kumaliwerenga kumudzi popanda intaneti, ndipo mayeso ena akhoza kuwayankha choncho ngati wokonza phunziro waloleza, mayankhowo n'kudzatumizika foni ikagwiranso netiweki. Komabe makanema aatali amadya bandulo ndiponso amadzaza mafoni ang'onoang'ono, kotero mawu ojambulidwa m'Chichewa a mphindi zochepa, pamodzi ndi zithunzi zojambulidwa pa depoti pomwepo, amagwira ntchito bwino kuposa kanema wokongola wa m'Chingerezi. Woyang'anira seva alinso ndi mwayi wosintha mawu a pa mabatani kuti akhale a chilankhulo chimene antchito amamva, ngakhale kuti ntchitoyi imafuna kuleza mtima chifukwa mawuwo ndi ambiri.

Zofooka zilipo, ndipo sizochepa. Gawo la maluso labisika mkati mwa masamba a woyang'anira seva, ndipo munthu wa ku ofesi yoona za antchito amene sanazolowere pulogalamuyi sangalipeze popanda womutsogolera. Kuti kapitawo athe kuona ndi kuunika maluso a anthu ake okha, pamafunika kumupatsa udindo wapadera ndi kumulumikiza ndi anthuwo, ntchito imene imatopetsa antchito akamasamutsidwa pafupipafupi. Malipoti a maluso amene amabwera ndi Moodle yaulere ndi osakwanira kwa bwana wofuna kuona pa tsamba limodzi kuti depoti iti ili ndi makalaliki angati okwanitsa kuyeza chinyezi. Zambiri mwa izi zinakonzedwa mu Moodle Workplace, imene inatuluka mu 2019 yolunjika makampani, ndipo imadziwa madipatimenti ndi maudindo, imapereka maphunziro yokha kwa munthu amene walowa pa udindo wina, komanso imakumbutsa satifiketi ikatsala pang'ono kutha mphamvu. Koma imeneyi si yaulere, imapezeka kudzera kwa makampani ovomerezeka ndi Moodle okha, ndipo kwa kampani ya kuno kulipira ntchito yotere m'ndalama zakunja ndi mtolo wolemera masiku ano.

Ngakhale Moodle yaulereyo imafuna ndalama. Pamafunika seva, ndipo ikakhala mu ofesi mwanu ndiye kuti magetsi akathima maphunziro aima m'madepoti onse. Pamafunikanso munthu wosunga makope a zonse ndi kuika zosintha, poti Moodle imatulutsa mtundu watsopano kawiri pachaka ndipo wakale umafika posiya kulandira zotetezera. Amene safuna mavutowa akhoza kubwereka malo pa MoodleCloud, seva zoyendetsedwa ndi eni ake a Moodle, kumene amalipira malinga ndi chiwerengero cha ophunzira, koma kumeneko saloledwa kuwonjezera mapulagini awoawo, timapulogalamu towonjezera zimene Moodle imachita. Chachikulu koposa n'chakuti Moodle imabwera yopanda phunziro lililonse. Masamba ena ophunzitsa pa intaneti, monga Coursera ndi LinkedIn Learning, amabwera ndi maphunziro okonzedwa kale, ndipo ndi abwino kwa akauntanti wofuna kudziwa bwino Excel, koma simudzapezamo phunziro la kalandiridwe ka chimanga pa depoti yanu. Mndandanda wa maluso muyenera kuulemba nokha, mutakhala pansi ndi anthu amene amagwira ntchitoyo tsiku ndi tsiku, ndipo ntchito imeneyi imatenga nthawi yaitali kuposa kuika pulogalamuyo pa seva.

Pali nkhani ya chilungamo imene sindingaidumphe. Chigamulo chikakhala m'manja mwa kapitawo, kukondera kumapeza mpata, makamaka ngati maluso akwanitsidwawo ndi amene adzagwiritsidwe ntchito pokweza anthu paudindo. Moodle imathandizako posunga dzina la amene anaunika, tsiku ndi ndemanga yake, zimene zimapereka poyambira wina akadandaula, koma kampani iyenera kuika lamulo loti munthu wachiwiri, monga kapitawo wa depoti ina, aziunikanso ena mwa anthu amene apatsidwa kapena kumanidwa luso. Ndiponso si bwino kuuza mlonda kapena wonyamula matumba kuti aziphunzira usiku kunyumba ndi bandulo yogula yekha, pamene kale anzake a mu ofesi ankalandira alawansi popita ku maphunziro. Ndalama zimene zapulumuka pa hotelo ziyenera kugula bandulo, ndipo nthawi yophunzira iyenera kukhala ya m'maola a ntchito.

Ndikuivomereza Moodle kwa kampani kapena bungwe limene lili ndi antchito obalalika m'maboma, lili ndi munthu mmodzi wodziwa za seva, ndipo akapitawo ake avomera kuti kuunika luso ndi mbali ya ntchito yawo. Kampani ya anthu ochepa okhala m'nyumba imodzi siifunikira pulogalamuyi, chifukwa mndandanda womwewo wa maluso ukhoza kulembedwa pa pepala ndi kusainidwa ndi woyang'anira. Amene asankha kuyamba ayambe ndi ntchito imodzi yokha, imene ikalakwika imataya ndalama zooneka, ndipo ayambe miyezi ingapo nyengo yogula mbewu isanafike, kuti akapitawo akhale ndi mpata woona kalaliki aliyense akuyeza chimanga magalimoto asanayambe kundandana pa geti.