JBL Flip 6: imakoma pa gitala ndi mawu a woimba, koma besi yakuya ilibe

Anthu ambiri ogula sipika ya m'manja safuna yokaimbira pa ukwati. Amafuna yoti akaweruka atatopa, kapena Loweruka m'mawa akuchapa pakhonde, aike nyimbo zawo zija zimene zimachotsa ulesi m'thupi ndi kupeputsa mtima. JBL Flip 6 tiiyeza pa ntchito imeneyo basi. Mwachidule, nyimbo zodalira mawu a woimba, magitala ndi ng'oma zapakati imazitulutsa bwino kwambiri poyerekeza ndi msinkhu wake. Zodalira besi yogunda pachifuwa imazichepetsa mphamvu, ndipo pali zinthu zitatu kapena zinayi zimene wogula wa kuno amayembekezera kupeza pa sipika koma palibe.

Flip 6 inatuluka kumapeto kwa 2021. Ndi yaitali masentimita pafupifupi 18, yolemera magalamu 550, yooneka ngati botolo laling'ono logoneka. M'kati muli masipika awiri: lalikulu la mawati 20 lotulutsa besi ndi mawu apakati, ndi laling'ono la mawati 10 lotulutsa mawu opyapyala okhaokha. Kumapeto konse kuwiri kuli timbale tofewa timene mumationa tikunjenjemera nyimbo ikamalira. Timeneti tilibe waya uliwonse, timangokankhidwa ndi mpweya wa m'kati, ndipo ntchito yake ndi kuonjezera besi. Musamatibaye ndi chala, ana muwaletse, chifukwa tikang'ambika mpweya umathawa ndipo besi yonse imathera pomwepo.

Kasipika kakang'ono kaja ndi kamene kamasiyanitsa Flip 6 ndi Flip 5, imene inali ndi sipika imodzi yosenza zonse. Kusiyanako kumamveka msanga pa nyimbo za kwaya. Ikani amayi a Mvano kapena a Chigwirizano, mudzamva wotsogolera ali payekha kutsogolo, oyankha ali pambuyo pake, kuomba m'manja kukumveka kuti phwa phwa osasakanikirana ndi mawu. Chimodzimodzi pa sungura ndi rumba, pamene gitala yotsogolera imathamanga m'mwamba ina ikuyankha pansi: zingwe zake zimamveka chimodzichimodzi. Nyimbo za ku Balaka, zimene mphamvu yake yagona pa kiyibodi, mawu omveka bwino ndi kugunda kosathamanga, zimakhala ngati anazipangira sipika imeneyi. Manganje nawonso amatuluka bwino, chifukwa ng'oma zake ndi maseche zili pa mlingo umene Flip 6 imafikapo mosavutikira. Ndipotu nyimbo zambiri zimene zimadzutsa munthu pampando sizidalira kulemera kwa besi. Zimadalira kugunda komveka bwino ndi mawu oti uziimba nawo, ndipo apa sitipeza chodandaula.

Vuto lili pansi. Kutsika kapena kukwera kwa mawu amakuyeza mu Hz: nambala ikachepa, mawu ndi otsika. Opanga amanena okha kuti sipikayi imayambira pa 63 Hz kukwera m'mwamba. Chingwe chachikulu cha gitala ya besi chikalira chosagwidwa chimakhala pa 41 Hz, chotsatira pa 55 Hz, chachitatu pa 73 Hz. Ndiye kuti manoti otsikitsitsa a zingwe ziwiri zoyambazo Flip 6 siwatulutsa enieniwo. Chimene mumamva ndi timawu tam'mwamba timene timatsagana ndi noti iliyonse, ndipo khutu limadzazira lokha chotsalacho. N'chifukwa chake pa reggae ya ku Chileka mumatha kutsatira bwinobwino mmene besi ikuyendera, koma simuimva m'mimba monga zimakhalira pa dansi. Pa amapiano kuperewerako kumaonekera kwambiri. Log drum, ng'oma ya besi ya amapiano, ili ndi mbali ziwiri, kugogoda koyamba ndi kubuula kotsika kumene kumatsatira. Flip 6 imatulutsa kugogodako mwaukhondo, kubuulako imangokukhudza pang'ono. Ngati nyimbo zimene zimakusangalatsani ndi za mtundu umenewu, dziwiranitu zimenezi musanatulutse ndalama.

Pali chinanso chimene ambiri amachiyesa kuonongeka pamene si choncho. Mukakweza voliyumu kupitirira magawo asanu ndi awiri mwa khumi, besi imasiya kukwera limodzi ndi zina zonse, ndipo mawu amayamba kuuma ndi kubaya m'khutu. Ndi dala: m'kati muli kachipangizo kamene kamadula besi kuti sipika yaikulu ija isakankhidwe kupyola malire ake n'kupsa. Choncho Flip 6 imakoma kwambiri pakati pa theka ndi magawo asanu ndi awiri mwa khumi. Mukatsitsanso kwambiri besi imazimirira, koma apo mlandu ndi wa khutu la munthu, limene silimva bwino mawu otsika phokoso likachepa.

Malo oiikapo amasintha zambiri kuposa batani lililonse. Igonekeni chizindikiro cha JBL chitayang'ana kwa inu, chifukwa masipika onse awiri ayang'ana mbali imodzi yokhayo. Mawu opyapyala amayenda molunjika, ndiye mukakhala kumbuyo kwake mumamva zogonthera. Iikeni pa msinkhu wa pachifuwa kapena wa khutu, osati pansi pa simenti. M'nyumba, isendezeni kufupi ndi khoma, mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri, ndipo besi idzanenepa chifukwa khoma limaibweza. Pakona imanenepa kwambiri, nthawi zina mpaka kuphimba mawu a woimba. Timbale ta m'mbali tija tisatsekedwe ndi mabuku kapena khushoni. Ikakhala pa tebulo lopepuka kapena pa shelefu ya mbale, yalani kansalu pansi pake, apo ayi mudzamva kunjenjemera kwa ziwiya n'kumaganiza kuti sipika yafa. Panja palibe khoma lothandiza, ndipo mtunda ukawirikiza kawiri phokoso limatsika ndi madesibelo (muyezo wa phokoso) pafupifupi 6. Pabwalo imakwanira anthu okhala mozungulira mphasa imodzi kapena ziwiri, osati chinkhoswe.

Pulogalamu ya pafoni yotchedwa JBL Portable ndi yaulere ndipo ili ndi zosinthira zitatu: besi, mawu apakati ndi opyapyala. Pa reggae ndi amapiano kwezani besi pang'ono, koma dziwani kuti mukatero kudula kuja kumayamba msanga mukamakweza voliyumu. Pa nyimbo zakale zojambulidwa kuchokera pa makaseti, tsitsani opyapyala ndi sitepe imodzi kuti phokoso la tepi lichepe. Pa kwaya ndi nyimbo zauzimu zisiyeni zonse pakati. Ngati foni yanu ili ndi zosinthira zakezake, zimitsani zimenezo. Kukweza besi kawiri, pafoni ndi pa sipika, ndiko kumabweretsa kuphwanyika kwa mawu kumene anthu amakunamizira sipika.

Flip 6 imodzi siisiyanitsa kumanja ndi kumanzere, imaphatikiza zonse pamodzi. Kuti mumve gitala ina uku ina uko pamafunika ma Flip 6 awiri olumikizidwa ndi batani la PartyBoost. Batani lomweli limalumikizanso ndi masipika ena a JBL monga Flip 5 kapena Charge 5, koma zikasiyana mitundu zonse zimangoimba zofanana. Silimvana ndi Flip 4 ndi Charge 4, zimene zili ndi njira yakale, komanso silimvana ndi Flip 7 ya 2025 imene inasamukira ku njira yatsopano yotchedwa Auracast. Musagule yachiwiri musanaone zimenezi.

Sipika yomveka bwino imaululanso nyimbo yoipa. Nyimbo yodulidwa pa vidiyo ya pa status, imene yafinyidwa kangapo, pa Flip 6 imamveka ngati zinganga zikulira pansi pa madzi, pamene pa sipika yotchipa simukanazindikira. MP3 ya 128 kbps (nambala ya kbps ikakwera, nyimbo imakhala yosafinyidwa kwambiri) imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, ya 320 kbps imadya 2.4 MB. Pa sipika ya msinkhu uwu, kuyambira 160 mpaka 192 kbps n'zokwanira, kupitirira apo mukungodzaza foni. Amene mumagwiritsa ntchito Spotify, imene inayamba kupezeka ku Malawi mu 2021, mlingo wa 96 kbps umadya pafupifupi 43 MB pa ola ndipo wa 160 kbps umadya 72 MB. Tsegulaninso chosankha chofananitsa voliyumu ya nyimbo zonse. Mndandanda wa nyimbo zokondweretsa nthawi zambiri umasakaniza zakale ndi zatsopano, ndipo zatsopano zimajambulidwa mokweza kwambiri. Popanda chosankhacho mumangokhalira kuthamangira batani, chisangalalo n'kumaduka.

Batire ndi la 4800 mAh, ndipo opanga amati limatha maola 12. Maola amenewo ndi a voliyumu yapakati. Kuti phokoso likwere ndi madesibelo atatu okha, sipika imafuna mphamvu yowirikiza kawiri, choncho woimba pa voliyumu yonse asayembekezere kufika ngakhale pafupi ndi maola 12. Imatchajidwa ndi USB-C, ndipo imadzaza m'maola awiri ndi theka ngati chaja ikutulutsa 5V/3A. M'bokosi mumabwera waya wokha, mutu wa chaja mulibe. Mukagwiritsa kachaja ka 1A ka foni yakale, nthawiyo imatalika pafupifupi kawiri, zomwe zimapweteka ngati magetsi abwera kwa maola ochepa. Power bank ya 10,000 mAh yosanama imaidzaza kamodzi n'kutsalako pang'ono, chifukwa mphamvu ina imatayika potembenuza. Magetsi akathima izuleni pakhoma, poti pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yoposa muyezo. Mdani wamkulu wa batire la mtundu uwu ndi kutentha: musaisiye pa dashibodi ya galimoto kapena padzuwa la mu Okutobala, ndipo musaisunge miyezi itatheratu moto.

Tsopano zimene palibe. Flip 6 ilibe polowetsa memori khadi, ilibe polowetsa fulashi, ilibe wailesi, ilibe ngakhale kabowo ka waya wa mahedifoni. Nyimbo zimalowa pa Bluetooth basi. Kwa munthu amene nyimbo zake zili pa khadi limene anakaikitsa pamsika, khadilo liyenera kukhala m'foni, ndipo foniyo izikhala pafupi, ikutha moto nayonso. Ilibenso maikolofoni, ndiye wina akaimba foni nyimbo imaima ndipo mumayankhira pafoni pomwepo. Sitchaja foni. Kunena zoona, pa mtengo wake kusowa kwa kabowo ka waya n'kokhumudwitsa, chifukwa kukanalola kulumikiza wailesi yaing'ono kapena kompyuta yakale yopanda Bluetooth. Bluetooth yake ndi 5.1, imalandira mafoni awiri nthawi imodzi, ndipo imagwira bwino mkati mwa mamita pafupifupi 10. Ikamadukaduka, kawirikawiri ndi chifukwa chakuti foni ili m'thumba lakumbuyo kapena kuseri kwa khoma la njerwa, poti thupi la munthu ndi khoma zimatchinga. Ikakana kulumikizana, ichotseni pa mndandanda wa Bluetooth m'foni, kenaka sipika ili yoyaka dinani pamodzi batani lokwezera voliyumu ndi loimbira kwa masekondi angapo mpaka izime. Ikayakanso imakhala itaiwala mafoni onse ndipo mumayambanso mwatsopano.

Pa madzi ndi fumbi ili ndi chizindikiro cha IP67. Fumbi silingalowe, ndipo ikhoza kumira mita imodzi kwa mphindi 30 m'madzi opanda mchere. Ku Salima kapena ku Mangochi mukhoza kupita nayo mtima uli m'malo, komanso fumbi la chilimwe silingaiphe. Mchenga ukakakamira pa nsalu yake, itsukeni ndi madzi oyera opanda sopo, igwedezeni, iume pamthunzi. Musaitchaje pobayira pakadali ponyowa. Ikazindikira madzi pamenepo imalira kukuchenjezani, ndipo ikatero zulani waya msanga.

Zabodza zachuluka, ndipo zina bokosi lake n'lokongola kuposa la yeniyeni. Kuzizindikira n'kosavuta. Ikakhala ndi polowetsa khadi, fulashi kapena wailesi, ndi yabodza. Ikayaka n'kulankhula mawu a mayi wonena kuti Bluetooth yakonzeka, ndi yabodza, chifukwa yeniyeni silankhula, imangolira kamawu kakafupi. Ikapepuka m'manja kusiyana ndi theka la kilo, ikayikireni. Njira yotsimikizika ndi kuika JBL Portable m'foni musanapite kusitolo, n'kulumikiza pomwepo wogulitsa akuona: yeniyeni imaoneka mu pulogalamuyo ndi dzina lake komanso kuchuluka kwa batire, yabodza sioneka. Potuluka inkagulitsidwa madola pafupifupi 130 ku America, ndiye yatsopano ya mtengo wotsika kwambiri kuposa pamenepo ikupatseni mafunso. Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, imbani nyimbo ya besi pa voliyumu yapakati muone ngati timbale tonse tiwiri tikunjenjemera mofanana popanda kukhwekhwereza, ndipo isiyeni iimbe mphindi 15 muone ngati batire silikugwa msanga.

Amene nyimbo zawo ndi kwaya, zauzimu, sungura, rumba, manganje ndi za magitala, omvera m'chipinda, kukhitchini kapena pakhonde, Flip 6 idzawakwanira ndipo tikuivomereza ndi mtima wonse. Okonda reggae yolemera ndi amapiano aonjezere ndalama atenge Charge 5, imene sipika yake yaikulu ndi ya mawati 30, batire lake ndi la 7500 mAh lofika maola 20, ndipo imatchajanso foni magetsi akathima, ngakhale kuti ndi yolemera pafupifupi kilo. Amene nyimbo zawo zonse zili pa khadi ndi fulashi, kapena safuna kuphonya mapulogalamu a pawailesi, asiye zonse ziwirizi afune sipika yokhala ndi mabowo amenewo.