Makolo a BP ndi shuga akubwera ku England: inshuwaransi iti?

Amene tikukhala ku England tikamaitana amayi kapena abambo kudzaona zidzukulu, mutu wonse umathera pa viza ndi tikiti ya ndege. Inshuwaransi timaikumbukira kumapeto, n'kungotola yotchipa. Komatu makolo athu ambiri amabwera ali kale pa mankhwala a BP kapena shuga, ndipo mapepala a inshuwaransi amasiyanirana pomwepa.

Mlendo wa viza yocheza ya miyezi 6 salandira thandizo lonse la NHS (zipatala za boma) ulere. Kuonana ndi GP (dokotala wa m'dera) n'kwaulere, ku A&E (kolandirira odwala mwadzidzidzi) nakonso salipiritsa, koma akangowagoneka mu wodi, bilu yayambika. Kuyambira 2015 mlendo amalipira 150 peresenti ya mtengo umene NHS imawerengera. Ngongole ya £500 kapena kuposerapo ikatha miyezi iwiri isanabwezedwe, dzina limapita ku Home Office (unduna woona za maviza), ndipo viza yotsatira akhoza kuwakaniza.

Yotchipa ija, imene ambiri timagula pamodzi ndi tikiti, si yachabe ayi. Amayi akaterereka pa chipale n'kuthyoka mwendo, imalipira. Chikwama chikasowa pa bwalo la ndege, imalipira. Koma m'kati mwa timalemba ting'onoting'ono muli mawu akuti matenda amene munthu anali nawo kale sakuwerengedwa, ngakhalenso china chilichonse chochokera ku matendawo. Mawu omalizawa ndi amene amapweteka. Munthu wa BP akachita sitiroko, kampani imati sitirokoyo yabwera chifukwa cha BP. Wa shuga impso zikavuta, yankho ndi lomwelo. Kwa mchemwali wa zaka 30 wosadwaladwala ndi yokwanira. Kwa mayi wa zaka 68 amene amamwa amlodipine (mankhwala a BP) m'mawa uliwonse, ili ngati ambulera yobooka pakati.

Pali ina yapakatikati, yofala kwambiri pa mapulani a alendo opita ku America, imene amaitcha acute onset of pre-existing conditions. Imalipira matenda akale akabuka mwadzidzidzi, popanda chizindikiro. Imamveka bwino, koma khomo lake ndi lopapatiza: ambiri amafuna kuti wodwala afike kuchipatala pasanathe maola 24, amachepetsa kapena kuchotseratu thandizoli munthu akafika zaka za m'ma 70, ndipo matenda amene akhala akukula pang'onopang'ono sawalola. Shuga amene wakhala akukwera sabata yonse, iwo samuona ngati wadzidzidzi.

Ine ndimaima ndi yachitatu, youlula matenda. Musanalipire amafunsa mafunso: mankhwala ndi angati, anasinthidwa liti, munagonekedwapo m'zaka zapitazi, mukudikira zotsatira za kuyezedwa kulikonse? Kenako amakweza mtengo, n'kulemba matendawo pa pepala kuti awavomereza. Imadula, nthawi zina kwambiri. Koma ndi yokhayo imene BP ya amayi yalembedwa ndi dzina, ndiye pa tsiku la vuto palibe zokanganirana.

Chonde, mafunsowa musayankhe ndi mutu wanu. Makolo athu ukawafunsa amangoti "ndili bwino mwanangu, ndi ka BP chabe." Apempheni ajambule buku lawo lakuchipatala tsamba ndi tsamba, pamodzi ndi timapaketi ta mankhwala, atumize pa WhatsApp. M'menemo mungapeze kuti metformin (mankhwala a shuga) anawonjezeredwa miyezi itatu yapitayo, zimene iwo sanazione ngati nkhani. Kubisa kapena kuiwala chinthu ngati chimenechi kumapatsa kampani chifukwa chokanira kulipira, chifukwa pofufuza bilu yaikulu amaitanitsa mbiri yakuchipatala.

Dziwaninso kuti makampani ambiri a ku UK amagulitsa kwa anthu okhala konkuno okha, olembetsa kwa GP. Ya makolo muifune kumudzi asananyamuke, kapena kwa amene amagulitsa ya alendo obwera m'dziko. Muonetsetse kuti muli ndalama yowabwezera kwawo pa ndege ali odwala, ngakhalenso yonyamula thupi zinthu zitavuta. Ngati mudzapite nawo ku France kapena dziko lina la Schengen (gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi), viza yake imafuna inshuwaransi yosachepera €30,000, koma chiwerengerocho sichikutanthauza kuti matenda akale alimo.

Mankhwala a tsiku ndi tsiku, nthawi zambiri palibe mwa zitatuzi imene imagula. Abwere nawo okwanira ulendo wonse, m'chikwama cham'manja, ndi kalata ya dokotala.