Boti lokaonera anamgumi: ndapereka nyenyezi zinayi

Ndinakwera boti lokaonera anamgumi a mtundu wa humpback ndikuopa mseru, ndipo unandigwiradi. Komabe ndalama yanga sinapite pachabe.

Amene anandigwira mtima ndi woyendetsa boti. Titangoona utsi wa madzi ukufwamphukira m'mwamba chapatali, anachepetsa liwiro n'kuzimitsa injini, ati phokoso limasokoneza anamgumi poti amamvana ndi mawu pansi pa madzi. Ena anayamba kung'ung'udza kuti taima kutali. Iye phee. Patapita kanthawi, namgumi wamkazi ndi mwana wake anavuuka okha pafupi nafe, chinyama cha mamita pafupifupi 15, kupuma kwake ngati mvukuto. Mseru ndinauiwala.

Mtsikana wotilongosolera zinthu ankangojambula michira. Kunsi kwa mchira wa namgumi aliyense kuli mawanga akeake, ngati zidindo za zala, ndiye ofufuza amawazindikirira pamenepo. Anatiuzanso kuti bungwe la International Whaling Commission linaimitsa kupha anamgumi kochita nawo malonda kuyambira mu 1986.

Chondinyansa n'chakuti madzi akumwa anatipatsa m'timabotolo ta pulasitiki, kena n'kuuluka ndi mphepo kugwera m'nyanja momwemo. Nyenyezi yachisanu inapita ndi kabotoloko.